Ma gladiolus sakumera? Mmene mungadzutsire ma bulb ndi firiji komanso GA3

Funso ili ndayankha mpaka pakamwa pauma, ndiye ndaganiza ndingolemba kamodzi basi aliyense aziwerenga yekha. Limabwera chimodzimodzi, kaya ndi kwa achimwene ogwira ntchito m'magadeni aku Borrowdale ndi Highlands kuno ku Harare, kaya ndi amayi omwe ali ndi kadimba ku Epworth kapena ku Dzivarasekwa amene amaperekera maluwa kwa ogulitsa a pa Africa Unity Square aja: "ndakumba ma bulb mwezi watha, ndabzalanso, ndikuthirira daily koma palibe chatuluka, kodi afa?" Sanafe ayi, agona. Koma mukapitiriza kuwathira madzi choncho ndiye afadi, aolera pansi pomwepo.

Bulb ya gladiolus, yomwe pamapaketi amalemba kuti corm, ikangokumbidwa imagona miyezi 2 mpaka 4 kutengera mtundu wake, ndipo tiana take timene timamera mmbali tija timagona kuposa apo. Mkati mwake mumakhala hormone (mankhwala achilengedwe olamulira kakulidwe ka mbewu) yotchedwa abscisic acid, mwachidule ABA, ndi imene imatseka diso kuti lisaphukire. Kuzizira kumaichepetsa ABA ija pang'onopang'ono ndipo ma hormone okulitsa mbewu monga gibberellin amayamba kugwira ntchito. Si zachilendo izi, duwali makolo ake ambiri ndi akuno kummwera kwa Africa. Gladiolus dalenii amamera yekha m'tchire muno mu Zimbabwe ngakhale kumudzi ku Malawi, amachita maluwa nthawi yamvula kenako nkugona chilimwe chonse. Mtundu wina wake wachikasu anautenga ku Victoria Falls nthawi yomwe ankamanga mlatho umene unatsegulidwa mu 1905, nkupita nawo ku England kukakwatitsa ndi mitundu ina, ndiye chikasu chambiri mukuchiona mu gladiolus wa m'sitoloyu chinachokera konkuno.

Chinthu chimodzi mumvetse tisanayambe, chifukwa anthu akuwononga ndalama apa: firiji imadzutsa bulb, siipanga duwa. Duwa la gladiolus silikhala mu bulb mukamabzala, limayamba kupangika mbewu ikafika masamba atatu, ndipo kukula kwake kumadalira size ya bulb, dzuwa ndi madzi. Mankhwala a GA3, omwe ndi gibberellin uja wogula m'sitolo, nawo amangothandizira. Kabulb kakang'ono ngati mtedza ngakhale mukazizire chaka chonse nkukaviika mu botolo lonse la mankhwala, kakupatsani masamba basi.

1. Kumbani nthawi yake itakwana. Mukadula maluwa dikirani masabata 6 mpaka 8, masamba ayambe kuchita chikasu. Nthawi imeneyi ndi imene bulb yatsopano imanenepa pamwamba pa yakale ija. Madamu ambiri amafuna bedi liyeretsedwe duwa likangotha, pemphani kuti akupatseni nthawi, afotokozereni kuti masamba onyansawo ndi amene akudyetsa maluwa a season yamawa. Siyani kuthirira kutatsala masabata awiri kuti mukumbe, gwiritsani foloko osati khasu, ndipo dulani masamba pafupi ndi bulb tsiku lomwelo.

2. Umitsani pamthunzi podutsa mphepo masabata 2 mpaka 3. Osati padzuwa, osati pamalata. Yalani mzere umodzi osaunjika. Akauma bwino bulb yakale yofota yapansi ija imachoka ndi chala mosavuta nkusiya chipsera choyera chouma. Ikamakana musakakamize, sinaume, mukang'amba mwatsegulira matenda khomo. Bulb yakaleyo tayani, tiana sungani padera, khungu lakunja lisiyeni. Iliyonse yofewa, yopepuka modabwitsa kapena ya mawanga akuda olowa mkati itayeni kutali osati pa kompositi, nthawi zambiri amenewo ndi matenda a nkhungu otchedwa Fusarium ndipo amakhala m'nthaka zaka.

3. Sankhani ma size. Yezani m'mimba mwake ndi rula. Ochepera masentimita 2.5 musayembekezere duwa logulitsa, abzaleni pa bedi lawo kuti akule. Apakati pa 2.5 ndi 4 amachita maluwa koma stem yake imakhala yaifupi. Amene akupatseni stem yaitali yomwe ogulitsa amalimbirana ndi a masentimita 4 kupita mtsogolo. Ine ndimakonda bulb yaitali yokwera pakati kusiyana ndi yotambalala yophwatalala, yophwatalalayo kawirikawiri ndi nkhalamba. Lembaninso mtundu pa thumba lililonse chifukwa zikauma zonse zimafanana, ndipo woyera ndi wofiira sachita maluwa tsiku limodzi.

4. Werengani chammbuyo kuchokera tsiku lomwe mukufuna maluwa. Kuno ku Harare nthawi yotentha gladiolus amatenga masiku 70 mpaka 100 kuchokera pobzala, nthawi yozizira amatha kupitirira masiku 120. Tiyerekeze mukufuna a Valentine, 14 Febuluwale, ndipo mtundu wanu ndi wa masiku 85. Ndiye kubzala ndi cha pa 21 Novembala. Chotsanipo masabata awiri ofunditsa, mutulutse mu firiji cha pa 7 Novembala. Chotsaniponso masabata 8 a firiji, alowe cha pa 12 Seputembala. Maukwati a Disembala ndiye mubzale Seputembala ndipo mukhale ndi madzi odalirika chifukwa Okutobala wakuno sakhululuka. A Mother's Day, Sande yachiwiri ya Meyi, mubzale kumayambiriro kwa Febuluwale popeza pofika Epulo ndi Meyi kumakhala kwayamba kuzizira. Musabzale onse tsiku limodzi, gawani patatu motalikirana sabata imodzi imodzi, nyengo siiwerenga kalendala yanu.

5. Firiji. Apa ndi pamene malangizo ambiri amangoti "sungani pa madigiri 5" nkudutsa, ngati tonse tili ndi cold room ya pa farm ndipo magetsi sathima.

Mukufuna madigiri 4 mpaka 5 kwa masabata 8. Masabata 6 ndi malire apansi, mitundu yogona kwambiri imafuna 10 mpaka 12. Gulani ka thermometer kotchipa muike pafupi ndi ma bulb, musakhulupirire manambala a pa kachozungulira ka firiji kaja, 3 yake sikutanthauza madigiri 3. Malo abwino ndi kabati yapansi ya masamba. Kukhoma lakumbuyo ayi, kumaundana. Freezer ndiye musayerekeze nkomwe, bulb ikaundana yafa, ikasungunuka imangokhala phala. Ndamvapo anthu akuti ikani mu deep freezer masiku awiri m'malo mwa miyezi iwiri, zabodza zimenezo, chimene chimagwira ntchito ndi kutalika kwa nthawi osati ukali wa kuzizira.

Ikani mu saka la anyezi lija la mabowo kapena mu thumba la pepala la khaki loboola. Pulasitiki ayi. Bulb ndi chamoyo chimapuma, mu pulasitiki imachita thukuta kenako nkhungu yobiriwira ija imayamba. Maapozi, nthochi, mapeyala ndi matimati akupsa musaike limodzi, amatulutsa mpweya wa ethylene umene umasokoneza maso a bulb nkumaphukira mosalongosoka.

Ngati ndi firiji ya pakhomo yosungira zakudya, musathire mankhwala ophera nkhungu musanaike, mudzathira potulutsa. Ndipo lembani pa thumba ndi zilembo zazikulu, muuzenso aliyense m'nyumba, chifukwa zinthuzi zimafanana ndi anyezi kapena adyo wamkulu koma sizidyedwa, zimadwalitsa anthu ngakhale agalu. Ngati firiji ndi ya abwana pemphani kaye, osangolowetsa.

Tsopano za magetsi. Kuthima kwa maola angapo sikuononga ntchito, bulb siiwala kuzizira komwe yalandira kale chifukwa cha tsiku limodzi. Vuto lenileni ndi madzi. Firiji ikafunda kenako nkuziziranso pamachita mame pa ma bulb, ndipo mamewo ndi amene amabweretsa nkhungu ndi kuyambitsa mizu nthawi isanakwane. Ndiye dzadzani malo otsala mu firiji ndi mabotolo a madzi kuti azisunga kuzizira, magetsi akathima musatsegule tsegule, yalani nyuzipepala pansi pa kabati ndipo muzisintha ikanyowa. Sabata iliyonse tulutsani thumba, gwirani imodzi imodzi, yonyowa ipukuteni iume kaye, ya nkhungu kapena yofewa ichotseni. Masiku amene firiji yakhala yofunda tsiku lonse alembeni penapake nkuwaonjezera kumapeto. Kwanu kukakhala koti magetsi amabwera usiku wokha, konzekerani masabata 10 osati 8.

Firiji ili ndi ntchito ina yachiwiri yomwe anthu amaisokoneza ndi yoyambayi. Ma bulb okumbidwa Epulo akamafika Ogasiti amakhala adzuka okha, ndiye mukawaika mu firiji apo simukuwadzutsa, mukuwagwira kuti asaphukire mpaka tsiku lanu lobzala lifike. Ndi mmene mungapezere maluwa mwezi uliwonse kuchokera pa ma bulb omwewo, kumangotulutsa pang'ono pang'ono. Bonasi yake, tizilombo ta thrips tobisala pansi pa khungu sitiswana pa kuzizira kumeneku ndipo tambiri timafa.

Opanda firiji musadandaule kwambiri. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kumatsika mpaka cha m'madigiri 7. Kumbani Epulo kapena Meyi, sungani mu chipinda cha mbali yakummwera kwa nyumba komwe dzuwa la nthawi yozizira silifika, pa thireyi pafupi ndi simenti, mutchingire makoswe. Pofika Ogasiti kapena Seputembala ambiri adzuka. Kungoti sadzukira limodzi ndipo tsiku simusankha ndinu.

6. Tulutsani, funditsani, kenako onani ngati adzukadi. Kuchoka mu firiji kulowa m'nthaka tsiku lomwelo ndi kulakwitsa kofala. Ayaleni m'nyumba pamthunzi pofunda, madigiri 20 mpaka 25, pouma, kwa sabata imodzi kapena awiri. Musawaze madzi. Ndiye tembenuzani bulb muone kunsi kwake: ikadzuka pamatuluka timatuza toyera tozungulira chipsera chija, imeneyo ndi mizu ikubwera. Pamwamba mukasenda khungu pang'ono mupeza diso lapakati latupa nkusongoka. Zizindikiro ziwirizi zikaoneka pa ma bulb ambiri, bzalani. Musadikire mizu italike, imathothoka pobzala.

Zikapanda kuoneka pakatha masabata awiri ndiye tulo sitinathe. Yesani chonchi: tengani asanu muwakhazike pa mchenga wonyowa mu beseni m'nyumba. Pakatha masiku 10 mpaka 14 anayi akatulutsa mizu, gulu lonse lakonzeka. Akatulutsa mmodzi kapena palibe, bwezerani otsalawo mu firiji masabata ena 2 mpaka 4. Bola kuchedwa kusiyana ndi kukwirira bulb yogona mu dothi lonyowa la Disembala. Mayeso omwewa chitaninso ndi ma bulb ogula ku nazale kapena ku msika wa Mbare, chifukwa wogulitsa aliyense amati akonzeka.

7. GA3, ngati mukufuna. Dzina lake lonse ndi gibberellic acid, amagulitsa m'masitolo a zaulimi ngati mapilisi kapena ufa. Ili ngati tiyi wa m'mawa, imachangamutsa amene wadzuka kale. Bulb yongokumbidwa kumene mukaiviika siichita zambiri, koma yochokera mu firiji imamera msanga ndiponso mofanana, ndipo mitundu yambiri imatalikitsa stem nkuchita maluwa masiku angapo mofulumira. Kusiyana kwake si kwa usiku ndi usana ayi, ndipo mitundu ina siisintha nkomwe. Ngati muli ndi bedi limodzi lokongoletsa pakhomo ine ndingati isiyeni. Ngati mukuthamangira tsiku la msika ndi ma bulb mazana, pamenepo ili ndi phindu.

Mphamvu yake ndi 100 mpaka 200 ppm, ndipo ppm yi ndi imene imazunguza anthu mutu. Ndi mamiligalamu a mankhwala enieni mu lita imodzi ya madzi. Choncho galamu imodzi ya GA3 yeniyeni mu malita 10 ndi 100 ppm, mu malita 5 ndi 200 ppm. Msampha uli apa: kulemera kwa pilisi si kulemera kwa GA3. Werengani peresenti pa lebulo. Pilisi la magalamu 10 lolembedwa 10% lili ndi galamu imodzi yokha ya GA3, ndiye pilisi limodzilo mu malita 10 ndi 100 ppm. Ufa wa 40% mukufunika magalamu 2.5 kuti mupeze galamu imodzi. Ufa wa 90% ndi pafupifupi magalamu 1.1, ndipo umenewu susungunuka bwino m'madzi, yambani mwausungunula mu sipiriti pang'ono kenako muthire m'madzimo. Ngati mulibe sikelo yaing'ono musayeze ndi supuni, gulani mapilisi. Mukufuna lita imodzi yokha? Sungunulani galamu imodziyo mu lita imodzi, tapanipo mamililita 100 ndi sirinji kapena kapu yoyezera, onjezani madzi mamililita 900, imeneyo ndi 100 ppm.

Sakanizani tsiku lomwe mukugwiritsa ntchito chifukwa GA3 ikakhala m'madzi imatha mphamvu m'masiku ochepa, makamaka padzuwa ndi m'madzi a laimu wambiri. Ngati borehole yanu imasiya zoyera mu ketulo, gwiritsani madzi amvula. Chotsani khungu lotayirira, viikani ma bulb onse amire kwa maola 12 mpaka 24 pamthunzi, osapitirira, akutha kubanika. Atulutseni aume maola angapo, athireni mankhwala a nkhungu monga thiram, captan kapena carbendazim motsatira lebulo mutavala magolovesi, nkubzala tsiku lomwelo kapena mawa lake. Musati poti 100 ndi yabwino ndiye 1,000 iposa, mupeza mbewu zazitali zowonda zotuwa zomwe zimagwa ndi mphepo yoyamba. Ndipo ma bulb 10 muwaviike m'madzi wamba nkubzala mzere wawo, ndi njira yokhayo yodziwira ngati mtundu wanuwo ukumva mankhwalawa kapena mukungotaya madola.

Ma hormone ena mumvanso akutchulidwa. BA, kapena kuti benzyladenine, pa 25 mpaka 100 ppm imadzutsa maso ambiri pa bulb imodzi, mmalo mwa mphukira imodzi mumapeza zitatu kapena zinayi. Ndi zabwino kwa wofuna kuchulukitsa mbewu, koma kwa wogulitsa maluwa ndi kuluza chifukwa chakudya cha bulb imodzi chagawidwa panayi ndipo ma stem amatuluka aafupi. Ethephon, yomwe alimi ena amapsetsera matimati, nayo imathyola tulo nkuchulukitsa mphukira koma imachedwetsa maluwa ndi kuwafupikitsa, sindikulimbikitsani. Ufa womeretsa mizu pa ma cutting monga Seradix si GA3, ndi hormone ina, sudzutsa bulb. Ndipo chonde chidebe kapena sipuleya yomwe inagwirapo 2,4-D yophera udzu mu kapinga isayandikire, nayonso ndi hormone ndipo kadontho kotsalira kamapinda masamba onse.

8. Bzalani pa dzuwa lonse. Osati pansi pa jacaranda, osati m'mphepete mwa mpanda wa durawall pomwe dzuwa limafika masana okha. Kuya masentimita 10 mu dothi lofiira lomata, mpaka 15 mu mchenga, diso kumwamba, motalikirana masentimita 10 mpaka 15, mizere 25 mpaka 30. Nthawi yamvula kwezani bedi madzi asamaime. Feteleza wa Compound D sakanizani ndi dothi pansi asakhudze bulb, manyowa akhale owolerana, aawisi amaoletsa. Feteleza wa single super (superphosphate) wambiri amawotcha nsonga za masamba chifukwa gladiolus sagwirizana ndi fluoride yemwe amakhalamo. Malo amodzi musabwerezepo gladiolus zisanathe zaka 3 kapena 4. Okhala kufupi ndi madambo musabzale zoti zidzachite maluwa Juni ndi Julayi, chisanu cha m'dambo chimapsereza stem usiku umodzi.

9. Kuyambira tsamba lachitatu mpaka lachisanu ndi chimodzi musachoke pamunda. Duwa likupangika mkati simukuliona, ndipo mbewu ikasowa madzi, ikakhala pamthunzi, ikathithikana kapena kukazizira kwambiri masabata amenewa, duwalo limafera mkati. Mbewu imaoneka yobiriwira bwinobwino koma stem osatuluka, kapena kutuluka ndi timaluwa 6 mmalo mwa 14. Anthu ambiri amanamizira firiji kapena wogulitsa ma bulb pomwe vuto linali sabata ija pampu inafa. Thirirani mokwanira kuti madzi afike pansi, kamodzi kapena kawiri pa sabata kutengera dothi, osati kuwaza pamwamba daily. Feteleza wa AN (ammonium nitrate) pang'ono pa tsamba lachitatu ndi pang'ono stem ikamatuluka, wambiri amafewetsa mbewu nkuitana Fusarium. Ena amapoperanso GA3 ya 100 ppm pa masamba atatu ndi pa masamba asanu ndi limodzi kuti stem italike, chitani madzulo, koma ngati munaviika kale yambani mwayesa mzere umodzi. Unjikirani dothi m'tsinde kuti zisagwe. Seputembala ndi Okutobala yang'anirani thrips, masamba amachita mizere yotuwa ngati siliva ndipo maluwa amakana kutseguka. Nthawi yamvula ndi chiwawu, timizere ta olenji topingasa tsamba, poperani msanga chisanafalikire.

10. Dulani m'mawa pamene duwa limodzi kapena awiri apansi ayamba kuonetsa mtundu koma asanatseguke, ndipo siyani masamba osachepera 4 pa mbewu, apo ayi bulb ya season yamawa mulibe. Ma stem aimikeni chilili mu ndowa nthawi yomweyo ndipo akhale chilili mpaka kumsika. Mukawagoneka pa mpando wa kombi kuchoka ku Ruwa kufika mtauni nsonga zimayamba kupindikira mmwamba, ndi hormone ya auxin imene imasunthira mbali yapansi, ndipo zikakhalitsa choncho siziwongokanso, ogula amadula mtengo.

Tiana tija musataye. Timafuna firiji miyezi 3 mpaka 4 chifukwa tulo take ndi tambiri komanso chikhungwa chake ndi cholimba. Musanabzale tiviikeni m'madzi tsiku limodzi kapena awiri mukusintha madziwo, kapena thyolani chikhungwacho pang'ono ndi zala, nkufesa mu mzere kuya masentimita 5. Tikayesa kutulutsa ka stem kadulenitu kuti mphamvu ipite pansi. Pakatha season imodzi kapena ziwiri timafika pa size ya masentimita 4 ija, kenako mumayambiranso pa nambala 1.